PEPANI SAPOLETSA CHILONDA

Alimi anzathu a chimanga ndi fodya, nyengo ya maulendo yafika. Chimanga chauma m'munda, fodya wamangidwa m'mabelo, ndipo kuyambira tsopano kufikira nthawi ya mphepo itatha, misewu ya m'midzi idzadzala ndi ngolo zopita ku misika ndi ku malo kumene magalimoto amatengera fodya wopita ku okushoni ya ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Ife taima pa mphambano masiku ambiri kuyang'ana zimene alimi amaika m'ngolo zao pochoka pa khomo. Taona matumba, zingwe, mkwapulo, mpope wa matayala, kamba wa pa njira, ngakhale wailesi. Koma mwa ngolo zonsezo sitinaone ndi imodzi yomwe imene inanyamula kanthu komangira bala la ng'ombe, la bulu, kapena la mnyamata woyendetsa. Mau athu lero ndi awa: chiweto chisachoke pa khomo kupita ulendo wautali popanda bokosi la zothandizira wovulala, ndipo bokosilo likhale ndi mbali ziwiri, ina ya chiweto, ina ya munthu.

Phunziro lochokera kwa okwera akavalo

Nzeru imeneyi taibwereka kwa anthu oyenda pa akavalo. Kavalo ndi chiweto chosowa m'dziko lathu lino, ndipo ambiri a ife tinangomuona pa chithunzi. Zifukwa zake zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kashembe, nchenche ija ya m'nkhalango za ku Kasungu, ku Nkhotakota ndi ku Vwaza, imene imapatsa anthu nthenda ya kaodzera ndi kuondetsa ziweto kufikira zitafa. Kachirombo kake ka m'magazi a ziweto anakapeza ndi David Bruce ku Zululand m'zaka za 1894 ndi 1895. Chachiwiri ndi nthenda ina ya akavalo imene imafalitsidwa ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha. Ikagwa pa akavalo osabayidwa katemera ikhoza kupha 9 mwa 10 ali onse, pamene bulu wa kuno kawirikawiri amapulumuka.

Koma kuli maiko kumene kavalo ali ngati njinga kwa ife. Makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela anakhala pamodzi ndi anthu a ku Lesotho, dziko la mapiri okhaokha, kumene ngakhale malo otsika koposa ali mamita 1,400 pamwamba pa nyanja ya mchere. Kumeneko ilipo midzi imene munthu amaifika pa kavalo kapena pa miyendo basi, ndipo alendo amanyamuka ku Malealea kapena ku Semonkong ndi kuyenda masiku angapo m'tinjira ta m'mapiri, kutali ndi chipatala, kutali ndi dokotala wa ziweto. Pa maulendo otere, aphunzitsi ambiri a okwera amalangiza chinthu chimodzi: pa chishalo pamangidwe timatumba tiwiri, kena ka kavalo, kena ka wokwera. Pakuti kavalo akapunthwa, onse awiri amagwa pamodzi; ndipo kavalo akatsimphina, wokwera ngakhale ali bwino sangafike kumene ali kupita.

Tsono mlimi wa ku Mchinji kapena ku Mzimba woyenda ndi ngolo makilomita 20 asiyana pati ndi munthu wa ku Lesothoyo? Iyenso ali pakati pa thengo ndi chiweto chimene chikhoza kuponda msomali, kuchekedwa ndi lata, kutupa mimba kapena kulefuka ndi dzuwa. Iyenso akhoza kugwa pa ngolo, kumenyedwa ndi chiboda, kapena kulumidwa ndi njoka potsika kukakonza goli. Chosiyana ndi chakuti wina anakonzekera, wina sanakonzekere.

Zimene tinaona ndi maso athu

Chaka china, mwezi wa June, tinali kubwerera pa njinga kuchokera ku msonkhano wa kalabu, ndipo tinapeza ngolo itaima pa mtsinje. Ng'ombe imodzi inali itaterereka potsika gombe, ndipo chitsa chosongoka chinaicheka pamwamba pa bondo. Bala silinali lalikulu. Likadakwanira m'chikhato cha dzanja. Mwini wake, bambo wa khama amene fodya wake tinali kumuonetsa kwa ena ngati chitsanzo, anatapa dothi la pa gombepo ndi kumata pa bala kuti magazi aleke. Atafika ku chigayo anapempha oyilo wakuda wa m'injini ndi kupakapo. Patapita masiku khumi mwendo unali utatupa ngati mtondo, mphutsi zili m'kati, ndipo ng'ombeyo anaigulitsa kwa opha nyama pa mtengo wa chisoni. Inzake inatsala yokha, yosatha kukoka ngolo. Chimanga chotsala anachituta pa mutu amai ndi ana, ndipo mvula yoyamba inapeza munda usanalimidwe.

Tisadziyeretse. Ifenso tsiku lija m'chikwama mwathu munali buku ndi pensulo basi. Tinati, "Pepani, bambo," ndi kupitirira. Akulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo tsiku limenelo tinamva tanthauzo la mwambiwo. Madzi oyera, mchere pang'ono ndi nsalu yochapa zikadapulumutsa ng'ombe imeneyo, pakuti chimene chimalamula mathero a bala ndi zimene zachitika pa ola loyamba. Bala lotsukidwa msanga limapola. Bala lotsekeredwa dothi limasanduka nyumba ya tizirombo.

Mbali ya chiweto

Bokosi lenileni lisakuvuteni. Chitini cha chivundikiro cholimba, kapena kandowa ka pulasitiki kotseka bwino, nkokwanira, malinga fumbi ndi madzi zisalowe. M'menemo muike izi.

Choyamba, mchere wa m'nyumba ndi botolo la madzi ophitsa. Pa lita imodzi ya madzi thirani masupuni aang'ono awiri a mchere, osadzaza mosefukira. Madzi otere salasa mnofu. Boolani kabowo pa chitsekerero cha botolo kuti mukalifinya madzi atuluke ndi mphamvu ndi kukokolola mchenga wa m'bala. Tsukani kufikira simuonanso kachitsotso, ndipo musaumire madzi.

Chachiwiri, nsalu zoyera. Chitenje chakale chichapidwe ndi sopo, chiphikidwe m'madzi otentha, chiyanikidwe pa dzuwa, chisitidwe, ndipo ching'ambidwe m'zidutswa zazikulu ndi m'timizere tatitali. Muzisunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi thonje ndi mabandeji awiri kapena atatu. Magazi akamatuluka, pindani nsalu ndi kupsinja pa bala ndi dzanja lanu mphindi 10 osatukula kuti muone. Ikanyowa onjezani ina pamwamba, musachotse yoyamba. Pomanga mwendo yambani mwayala thonje kapena nsalu yofewa kuzungulira mwendo wonse, ndipo pamwamba pake ndiye pabwere bandeji. Womanga molimbitsa pa khungu lopanda choyala amatseka njira ya magazi ndi kuononga mitsempha.

Chachitatu, ayodini wa mabala, ndi mankhwala ofiirira opopera amene amagulitsidwa m'sitolo za mankhwala a ziweto. Ayodini asungunulidwe m'madzi kufikira aoneke ngati tiyi wosapsa. Wosasungunula amatentha mnofu watsopano. Muikemonso mafuta a Vaseline opaka m'mbali mwa bala ndi pamene goli kapena lamba ayamba kunyula ubweya, ndiponso mafuta oingitsa nchenche ngati mlangizi wa ziweto ali nao, pakuti nchenche ndiyo mai wa mphutsi.

Chachinai, zida: sizasi yometera ubweya m'mbali mwa bala, mpeni wakuthwa wodulira zingwe chiweto chikagwa chili chomangidwa, pulayala yodulira waya ndi kuzulira minga, ndi kachitsulo kobuntha kopindika kokolokosera miyala m'ziboda. Chiweto chikayamba kutsimphina mwadzidzidzi, imani pomwepo ndi kuyang'ana phazi. Kawirikawiri mudzapeza mwala pakati pa ziboda za ng'ombe kapena pansi pa chiboda cha bulu. Mukapeza msomali wolowa kwambiri ndipo mlangizi wa ziweto akhoza kufika msanga, musiyeni auone usanazulidwe. Ngati sangafike, uzuleni molunjika, kumbukirani malo ake ndi kutalika kumene unalowa, tsukani, thirani ayodini, kulungani phazi ndi nsalu ndi chiguduli, ndipo chiwetocho chisakokenso kufikira ataona odziwa.

Chachisanu, thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Mumakapaka mafuta ndi kukalowetsa kotulukira ndowe, inu mutaima cha m'mbali kuti chiboda chisakupezeni. Ng'ombe ya moyo wabwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39 kapena kupitirirako pang'ono. Kavalo pakati pa 37.5 ndi 38.5, bulu amakhala wozizirirapo, pakati pa 36.5 ndi 37.8. Ng'ombe yofika pa 40 m'mawa isanagwire nchito ili ndi malungo a ziweto, mwina a nkhupakupa, ndipo kuiika pa goli ndiko kuipha.

Chachisanu ndi chimodzi, botolo la mafuta ophikira. Ng'ombe yanjala ikadya msipu wanthete wonyowa kapena masamba a nyemba ochuluka, mimba imatupa ku mbali ya kumanzere ndi kulira ngati ng'oma mukaigogoda. Imwetseni kapu imodzi kapena awiri a mafutawo pang'onopang'ono kudzera m'mbali mwa kamwa, iimikeni miyendo ya kutsogolo pa malo okwera, ndipo tumizani mthenga kwa mlangizi. Pomwetsa musakweze mutu wa chiweto kumwamba, musakoke lilime, ndipo musathire kanthu m'mphuno, pakuti zolowa m'mapapu zimabala chibayo. Chiweto chikatsokomola, lekani.

Bulu ndi kavalo mimba yao ndi yosiyana ndi ya ng'ombe, ndipo satha kusanza. Kavalo mimba ikamupota amapalasa pansi, amayang'ana m'nthiti mwake, amagubuduka. Bulu sachita zambiri zotere. Amangoima duu, makutu ali pansi, osadya. Bulu wokana chakudya ali kudwala kwambiri, ngakhale sakulira. Mmasuleni, mchotsereni chakudya, muikireni madzi pafupi, ndipo itanani thandizo tsiku lomwelo. Pa misika musamale mapepala a pulasitiki, pakuti ziweto zimawameza ndipo amatseka matumbo.

Potsiriza, ndowa, tochi ndi chingwe chapadera. Ndowayo ndi mankhwala oposa onse. Ng'ombe yokoka pa dzuwa imafuna ndowa ziwiri za malita 20 pa tsiku kapena kuposerapo, ndipo bulu amafuna ngati ndowa imodzi. Chiweto chikayamba kupuma mofulumira, kutulutsa lilime ndi kudzandira, chimasuleni, chiikeni pa mthunzi, chithireni madzi thupi lonse mobwerezabwereza, ndi kuchilola kumwa.

Mbali ya munthu

Woyendetsa ngolo kawirikawiri ndi mwana wanu yemwe kapena mphwanu, ndipo iyeyo ndi woposa ng'ombe zonse za m'khola. Mbali yake ikhale ndi sopo, mapulasitala, bandeji, mpango waukulu wokolekera mkono, mapiritsi a Panado, mapaketi awiri a Thanzi, magolovesi kapena timapepala ta pulasitiki toyera tovala m'manja pogwira magazi a mnzanu, ndi timitengo tiwiri ta nsungwi tosalala. Za munthu zisasakanizidwe ndi za chiweto. Sizasi yometera bala la ng'ombe isadule pulasitala wa mwana.

Munthu akagwa pa ngolo, pa bulu kapena pa kavalo, chinthu choyamba ndi kugwira chiweto kuti chisamuponde. Kenaka mufunseni dzina lake ndi pamene pakupweteka. Akadandaula khosi kapena msana, kapena akati miyendo yachita dzanzi, musamudzutse ndiponso musamunyamule mopinda. Mutu ugwiridwe kuti usatembenuke, ndipo ngati nkoyenera kumusuntha, anthu angapo amugoneke pa chitseko kapena pa thabwa, thupi lonse lili chowongoka. Amene wamenyetsa mutu ndipo wakomoka ngakhale kanthawi kochepa, kapena ali kusanza, kuodzera ndi kulankhula zosamveka, apite ku chipatala tsiku lomwelo ngakhale kunja sikuoneka bala. Nchifukwa chake okwera akavalo amavala chisoti cholimba. Fupa likathyoka musayese kulibwezera. Yalani nsalu, ikani nsungwi mbali zonse ziwiri kupitirira mfundo ya pamwamba ndi ya pansi, ndi kumanga mosalimbitsa.

Wotsegula m'mimba kapena wolefuka ndi dzuwa asungunulireni paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Thanzi akasowa, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi, ndipo amwe pang'onopang'ono.

Mphiri imakonda kugona pa njira madzulo ndipo sithawa. Wolumidwa agone, asayende; mvuleni mphete, nsapato ndi zothina zonse; mangirirani nsungwi ku mwendo kuti usagwedezeke, ndi kumutengera ku chipatala pa ngolo kapena pa chilichonse chofulumira. Kale anthu anali kuphunzitsidwa kutema pa bala, kuyamwa ululu ndi kumanga chingwe molimba pamwamba pake. Tsopano madokotala aona kuti zimenezi sizichotsa ululu, koma zimaoletsa mwendo kufikira kuudula. Njoka ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, osatikita. Galu wachilendo akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda mphindi 15, ndipo pitani ku chipatala osadikira, pakuti chiwewe chikaonekera sichichira. Ng'ombe ndi abulu nazonso zimagwidwa chiwewe. Chifukwa chake musapise dzanja m'kamwa mwa ng'ombe yochucha dovu poganiza kuti yatsamwa chitsononkho.

Za kafumbata

Pali mdani mmodzi amene amasaka munthu ndi chiweto pa bala lomwelo, ndiye kafumbata. Tizirombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tikhoza kudikira m'menemo zaka zambiri. Timakonda bala lopapatiza lozama kumene mpweya sufika, monga la msomali, la minga kapena la waya. Pa munthu zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada zimauma, khosi limalimba, thupi limapindika ngati uta. Kavalo ndi bulu amagwidwa msanga kuposa ng'ombe. Tsono ganizani za munthu womata dothi kapena ndowe pa bala: ali kufesa mbeu ya kafumbata ndi dzanja lake lomwe. Woyendetsa ngolo ali yense afunse ku chipatala za katemera wa kafumbata ulendo usanayambe, ndipo wolasidwa mozama akaonetse bala lake ngakhale likuoneka laling'ono.

Apa kavalo uja tinangomuona pa chithunzi ali nafe pafupi kuposa mmene tiganizira. M'chaka cha 1890 ku Berlin, Emil Behring ndi Kitasato Shibasaburo anapeza kuti magazi a nyama yozolowezedwa ululu wa kafumbata ali ndi mphamvu yoteteza nyama ina. Patapita zaka zochepa Albert Calmette anachita chimodzimodzi ndi ululu wa njoka. Kufikira lero mankhwala ambiri a ululu wa njoka amene amabayidwa m'zipatala amachokera m'magazi a akavalo.

Zimene siziyenera kulowa m'bokosi

Oyilo wakuda wa m'injini, madzi a m'batire, palafini, phulusa, ndowe, dothi la pa chulu ndi fodya wopera, zonsezi taziona zitapakidwa pa mabala a ziweto. Zina zimaotcha mnofu umene ukadatseka bala, zina zimalowetsa tizirombo, ndipo fodya ali ndi ululu umene umalowa m'thupi kudzera pa khungu, monga mudziwa inu amene munachitapo chizungulire pothyola fodya wonyowa ndi mame. Mankhwala a dibi ndi a mbozi za m'munda asayandikire bala konse, ndiponso asasungidwe m'bokosi limodzi ndi za anthu. Jekeseni wogula pa msika, wosadziwika muyeso wake ndi tsiku lake lothera mphamvu, musamubaye chiweto popanda mau a mlangizi. Safunsa anadya phula.

Mayankho kwa otsutsa

Tidziwa kuti ena adzati, "Ndalama zake zili kuti?" Funso limeneli ndi la nzeru, pakuti mlimi asanagulitse fodya m'thumba mumakhala mopanda kanthu. Koma werengani bwino zimene tatchula. Mchere, sopo, nsalu, nsungwi, ndowa, mpeni, chingwe ndi mafuta ophikira muli nazo kale pa khomo. Zogula ndi ayodini, mankhwala opopera, mabandeji, thermometer, Panado ndi Thanzi. Funsani mtengo wa zimenezi m'sitolo, kenaka funsani mtengo wa ng'ombe imodzi yophunzitsidwa goli, ndipo mudzadziyankha nokha. Amene sangathe yekha, kalabu igule bokosi limodzi kapena awiri, asungidwe kwa mlembi, ndipo wopita ulendo abwereke ndi kubwezeramo chimene wagwiritsa nchito. Tsiku logula likhale tsiku lolandira ndalama za fodya, ndalamazo zisanapeze njira zina.

Ena adzati, "Makolo athu anayenda maulendo popanda zimenezi." Inde anayenda, koma anali kusenza pa mutu, ndipo m'midzi yambiri ngolo ndi pulawo ndi zinthu zobwera m'masiku a agogo athu omwe. Amene walandira goli alandirenso chisamaliro chake. Walira mvula walira matope. Ndipo makolowo sanali kuchoka pa mudzi chimanjamanja: anali kunyamula nkhwangwa, chikho ndi kamba, chifukwa anadziwa kuti tsoka silinunkha.

Ena adzati, "Bulu ndi wolimba, amapola yekha." Bulu ndi wopirira, koma kupirira si kusamva kuwawa. Chifukwa chakuti sadandaula, mwini wake amazindikira mochedwa. Yendani pa msika uli wonse kumene kuli abulu ndi kuyang'ana makosi ao, ndipo mudzaona zilonda za goli. Goli linapangidwira ng'ombe, imene ili ndi linunda ndi khosi lolimba. Mphamvu ya bulu ndi ya kavalo ili pa chifuwa ndi pa mapewa, ndipo ayenera kukoka ndi lamba wotambalala wofewa wodutsa pa chifuwa. Apa tivomereze poyera kuti bokosi silikhululukira nkhanza. Kupaka mankhwala madzulo pa chilonda chimene mudzachinyulanso m'mawa ndi goli lomwelo kapena ndi mkwapulo ndi kutunga madzi ndi dengu. Goli lisalazidwe, katundu achepetsedwe ndi kuikidwa molingana pamwamba pa matayala, ulendo uyambe m'mamawa, ndipo dzuwa likafika pa liwombo ziweto zipumule.

Enanso, ngakhale sanena mokweza, amaopa kuti kunyamula nsalu za mabala ndi kuitana ngozi. Abale, denga la chigafa mumalifolera mvula isanagwe, ndipo palibe amene amati mwaitana mvula.

Malire a bokosi

Pali choopsa china chimene tiyenera kuchitchula, ndicho chakuti munthu akakhala ndi bokosi adziyese dokotala. Nchito ya bokosi ndi kusunga moyo ndi kusunga bala loyera kufikira wodziwa atafika, basi. Itanani mlangizi wa ziweto msanga ngati magazi sakuleka, ngati bala lili pa mfundo, pa diso, pa chifuwa kapena pa mimba, ngati chiweto chikukana kuponda pansi, ngati chagona osadzuka, ngati mimba yatupa, kapena ngati thupi latentha. Bala lofuna kusoka lisokedwe tsiku lomwelo. Chifukwa chake m'kati mwa chivundikiro mumate pepala lolembapo nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto wa dera lanu, ya chipatala chapafupi, ndi ya munthu wa galimoto amene mumamdalira. Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi, ndipo a pa khomo adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Bokosi lotsekedwa chaka chonse limanamiza mwini wake. Litseguleni kumayambiriro kwa nyengo yokolola ndi kumayambiriro kwa nyengo yolima. Tayani zotha mphamvu, chapaninso nsalu, bwezerani zimene zatha. Ndipo manja aphunzire tsiku la mtendere. Yesani kumanga bandeji pa mwendo wa ng'ombe yabwinobwino, zoloweretsani bulu wanu kutukulidwa phazi, yezani kutentha kwa ziweto zanu zili bwino kuti mudzazindikire zikasintha. Mnyamata woyendetsa ndi amai a pa khomo aphunzire pamodzi ndi inu, pakuti tsiku la ngozi mwina inu mudzakhala ndinu wogona pansi.

Ife alangizi tavomera mbali yathu. Kuyambira tsiku lija la pa mtsinje, pa njinga yathu sipachoka kathumba ka mchere, sopo, ayodini ndi nsalu, ndipo pa msonkhano uli wonse wa kalabu tili okonzeka kuonetsa kamangidwe ka bala ndi kayezedwe ka kutentha kwa ali yense wofuna. Mbali yotsala ndi yanu. Sabata lino, ngolo isanapakidwe mabelo, pezani chitini, phitsani madzi, ng'ambani chitenje chakale, ndipo mangirirani bokosilo pansi pa mpando wa woyendetsa pamene dzanja lingalifike msanga. Tikadzakumana pa mphambano tidzakuimitsani ndi kupempha kuti tilione.